Bambo Anakandipereka kwa Pulofesa

Lachinayi, 13 Novembala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Ife kuno tikudzuka, kupatula bondo la Amayi limene layambanso matukutuku ake. Musadabwe kuti ndakulemberani papepala pamene foni ilipo. Makoma a nyumba yathu mukuwadziwa, munthu ukatsokomola kuchipinda wa pabalaza amakupepesa, ndiye nkhani iyi siyoti ndingaikambe pafoni Bambo ali pafupi. Ndakhala pa tebulo langa kuno ku labotale nthawi ya nkhomaliro, pakati pa mabotolo a madzi odikira kuyezedwa. Mukaona zilembo zikupita chokwera, dziwani kuti ndi mtima wanga umene ukukana kukhala pansi.

Paja ndinakuuzani kuti ndikufuna kubwerera ku yunivesite kukachita digiri yachiwiri. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kumeneko sumangoponya mapepala n'kukhala pansi kudikira ngati mmene tinkachitira pa digiri yoyamba. Uyambe wapeza mphunzitsi wovomera kuyang'anira kafukufuku wako, amene iwo amati supavaiza, ndipo dzina lakelo ndi limene limakutsegulira chitseko. Popanda dzinalo mapepala ako amangogona. Ndiye iweyo, munthu wosadziwika, uyenera kulembera imelo anthu ophunzira zedi amene sanakuonepo, uwauze kuti ndiwe yani, ndi funso lanji limene likukusowetsa mtendere, komanso chifukwa chimene wasankhira iwowo pakati pa anzawo onse.

Achimwene, kulemba imelo yoteroyo ndi ntchito. Yoyamba ndinailemba ngati ndikulembera amalume. Ndinapereka moni, ndinafunsa za kunyumba, ndinapepesa powasokoneza, ndinapepesanso chifukwa chotalikitsa kupepesako, moti pofika pa nkhani yeniyeni ine ndemwe ndinali nditaiwala chimene ndimafuna. Abwana anga a kuno ku labotale anaiwerenga, naseka mpaka kuvula magalasi. Anati, "Mayi, anthu awa amawerenga mizere yoyamba yokha. Nenani chimene mukufuna, za ana awo adzakuuzani okha mukadzazolowerana." Ndinaidula mpaka inatsala yowonda, ine n'kumachita nayo manyazi ngati ndatuluka panja osasamba.

Funso langa ndi lomwe lija mumandiseka nalo. Madzi amachoka kuno ali oyera, timawayeza tokha. Koma akamafika pa mipopi ya nyumba zakale za kumunsi kwa tauni amakhala atasintha mtundu, nthawi zina ndi kafungo komwe. Chimachitika n'chiyani panjira? Ndakhala ndikutola zidutswa za mapaipi akale amene anzathu okonza amachotsa, ndipo mukasuzumira m'kati mwake mumapeza dzimbiri ndi zinthu zoterera ngati ndere. Amayi atopa nazo zidutswazo, akuti ana a anzawo amabweretsa akamwini koma wawo amabweretsa zitsulo.

Ku yunivesiteko kuli mayi wina amene moyo wawo wonse akufufuza zomwezi. Ndi dokotala wa maphunziro, osati wa jakisoni, ndipo ophunzira amawatcha Mayi Dzimbiri. Zolemba zawo ndinaziwerenga zonse, mwina ndikuseka ndekha chifukwa zimene ndinkaona ngati misala yanga iwo anali atazilemba kale mwadongosolo. Ndinawalembera iwowo poyamba. Kenako zii. Foni ikangolira, ine mtima phaa, koma ayi ndithu, ndi uthenga wotsatsa malonda. Ndinkaitsegula ndikutsuka mano, ndili m'basi, ndikutsuka mabotolo. Ndinafika pokayika ngati imelo yanga ikugwira ntchito, n'kudzilembera ndekha kuti ndione. Inafika bwinobwino.

Abwana ataona kuti ndikuwonda anati ndisaike mtima pa munthu mmodzi, ndilemberenso ena. Ndiye ndinalembera a Pulofesa, mkulu wa dipatimenti yomweyo, munthu wa madamu akuluakulu osungira madzi amene amaoneka pa wailesi yakanema. Ndinalemba mongotaya, popeza za madamu ine sizindikoka mtima. Koma iwo anayankha tsiku lomwelo, mzere umodzi wokha: "Zosangalatsa. Mudzandipeze ku ofesi." Ine chifukwa chosowa nkhani yabwino kwa nthawi yaitali, ndinawerenga mzerewo mokweza tikudya.

Inu Bambo mukuwadziwa. Anakalambira pa chiwongolero, kuyendetsa mabwana, kuwatsegulira zitseko, kuwadikira panja pa misonkhano, ndipo chikhulupiriro chawo n'chimodzi, chakuti zinthu sizitheka papepala. Munthu wamkulu umakamuona nkhope, akakudziwa basi zatha. Kangati anatiuza kuti palibe bwana amene anamuyendetsa yemwe angawaiwale? Anaika supuni pansi, nati ndiwaonetse chithunzi cha a Pulofesa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, foni ataitalikitsa ndi maso.

"Uyu ndiye munthu," anatero. "Nanga mayi uja umamutchulatchula anakuyankha?"

Ndinati ayi.

"Ndiye ukudikiranso chiyani?"

Ndinangoseka, kuyesa kuti nkhani yathera pomwepo. Osadziwa kuti m'mawa mwake, ine nditangotuluka, iwo anatulutsa suti ija anavala pa ukwati wanu, anapukuta nsapato mpaka kudziona nkhope, nakwera basi ya ku yunivesite osauza munthu. Amayi anangoyesa kuti kuli maliro a mnzawo wa kuntchito.

Zimene zinachitika kumeneko anatifotokozera okha madzulo, mobwerezabwereza, ndiye ndikuzidziwa ngati ndinalipo. Anakhala pa benchi panja pa ofesi ya a Pulofesa m'mawa wonse. Inu mukudziwa kuti Bambo sangakhale pafupi ndi munthu osamuyankhula. Anacheza ndi mlembi wa mu ofesimo, anacheza ndi okolopa, anacheza ndi aphunzitsi odutsa, ndipo aliyense anamuuza kuti mwana wawo wamkazi, wa ku labotale ya madzi, tsopano ndi wa a Pulofesa. Dzina langa analitchula momveka bwino kuti pasakhale wolakwitsa. A Pulofesa atatuluka akuthamangira ku galimoto, Bambo anawalandira chikwama, anawaperekeza, ndipo mwa chizolowezi anawatsegulira chitseko. Pamenepo ndi pomwe ananena mawu awo: "Bwana, mwana uja anakulemberani ndi wanga. Ndamupereka m'manja mwanu, ndi wanu." A Pulofesa akuti anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Zikomo bambo, tidzamusamala."

Achimwene, mukanawaona tsiku limenelo. Chipumireni pa ntchito Bambo amangokhala pakhonde ndi nyuzipepala yakale, kudikira kuti dzuwa lisunthe. Koma madzulo amenewo anali ataimirira, akuonetsa mmene anagwirira chikwama, mmene a Pulofesa anagwedezera mutu, suti osafuna kuvula. Pofika mawa lake ometa tsitsi anali atamva, a pagolosale anali atamva, ngakhale agogo aja a nyumba yoyandikana nafe amene samva bwino anali atamva. Ine ndinalibe mtima wowadula chimwemwe. Ndinadziuza kuti palibe chaipa, munthu wangokapereka moni.

Kenako a Dokotala aja, Mayi Dzimbiri, anayankha. Imelo yaitali, yodzaza ndi mafunso. Anapepesa kuti anali kunja kokatola madzi ndi ophunzira awo. Anafunsa kuti mapaipi anga ndi achitsulo chanji, ndi akale bwanji, ndimawasunga motani ndikawatola, ndinayesapo kukanda zotererazo n'kuziyang'ana pa makina okulitsa zinthu? Munthu woyamba pa dziko lapansi kundifunsa za zitsulo zanga osaseka! Ndinavina pakati pa labotale, abwana akungondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Koma nditafika kumapeto kwa imeloyo kuvina konse kunatha. Analemba kuti, "Komabe ndamva kuno kuti ndinu wophunzira wa a Pulofesa, bambo anu anabwera kudzanena. Kuno sitilandana ophunzira, makamaka wa mkulu wa dipatimenti. Iwo akandiuza okha kuti akumasulani, ndidzakulandirani ndi manja awiri. Dziwani kuti ndatsala ndi malo a munthu mmodzi, ndipo tsiku lotsekera layandikira."

Kuyambira pamenepo sindinadziwenso mtendere. Ndinalembera a Pulofesa mwaulemu wonse kupempha kuti andimasule, osayankha. Ndinalembanso, osayankha. Ndinaimbira mlembi wawo, akuti ali ku msonkhano. Ndinaimbanso, akuti angotuluka kumene. Munthu amene anandiyankha tsiku lomwelo pamene sindinkawafuna, tsopano anasowa ngati ndinachita kuwalota. Kuntchito ndinamata mapepala olakwika pa mabotolo, madzi a kumtunda n'kuwalemba kuti ndi a kumunsi, ndipo tinayambiranso kuyeza tsiku lonse. Chakudya chinkangondiyang'ana. Ndikakhala ndimafuna kuima, ndikaima ndimafuna kuyenda, ndikayenda ndimapezeka ndabwerera pa foni pomwe paja.

Ndinafika poganiza zongogonja. Ndinati madamu nawonso ndi madzi, ndingowaphunzira, dzina la a Pulofesa ndi lalikulu, Bambo akhale osangalala. Abwana anandiyang'ana mwachisoni. Anati a Pulofesa si munthu woipa, koma ophunzira awo ndi khwimbi, ndipo ena amamera imvi akudikira kuti awawerengere mutu umodzi. Anati, "Digiri imeneyi ndi yaitali, mayi. Ngati funso si lanu, mudzalisiyira panjira." Ndinadziwa kuti akunena zoona. Ndipo ndisakubisireni, Bambo ndinawakwiyira. Ndinkawayang'ana akumwa tiyi mwamtendere, koma akandifunsa kuti zikuyenda bwanji kwa a Pulofesa ndinkangoti zikuyenda.

Anandigwira ndi Amayi. Tikuchapa Loweruka anangoti, "Iwe, ukudwala kapena kuli mwamuna?" Ndinawauza zonse, misozi ikugwera m'beseni. Iwo anapitiriza kufinya malaya, kenako anati, "Kawauze bambo ako."

"Amva kuwawa, Amayi."

"Amva, inde. Koma si dzira kuti aphwanyika. Ukufuna adzamve kwa anthu kuti anakutsekera njira?"

Bambo ndinawapeza pakhonde. Ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo ngati mmene tinkachitira tikalakwa, n'kuyamba kuzungulira nkhani. Iwo anapinda nyuzipepala, nandisiya kuti ndizungulire mpaka nditatopa. Nditawawerengera mawu a a Dokotala anatembenuka n'kuyang'ana kumsewu.

"Ndiye kuti ndinakakuwonongera," anatero.

"Ayi Bambo, inu mumafuna kundithandiza."

"Usandinyengerere, sindine mwana. Mayiyo ndi amene ukufuna?"

"Inde."

"Pulofesa uja wakulakwira chiyani?"

"Palibe. Kungoti iwo ndi a madamu, ine ndine wa mapaipi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anati, "Mawu aja anakapereka ndine. Wokawabweza ndinenso. Imelo yako singabweze mawu amene ine ndinanena ndi pakamwa panga, munthu nditamugwira dzanja." Ndinawagwira mwendo kuti asapite, kuti ndipeza njira ina, poopa kuti akawonjezera moto. Anangoti Lolemba ndipemphe tchuthi kuntchito, tipitira limodzi.

Tinalawirira. Kolido ya kumeneko ndi yaitali, yonunkhira polishi, zikwangwani zodzaza mapepala akale amene palibe amawerenga. Pa benchi paja tinapeza ophunzira ena atakumbatira mafayilo, nkhope zawo zikuonetsa kuti benchiyo anaizolowera. Mlembi atangoona Bambo anati, "Agogo aja mwabweranso?" Bambo anamwetulira, nandinong'oneza kuti, "Waona? Akundidziwa kuno." Kumapeto kwa kolidoyo kunali kachitseko kolembedwa dzina la a Dokotala, ndipo nthawi iliyonse kakatseguka ine ndinkabisa nkhope kuseri kwa phewa la Bambo. Tinakhala, tinakhalanso. Ine ndinapita kuchimbudzi kangapo popanda chifukwa, ndinawerenga zikwangwani zonse, ndinaluma zikhadabo. Bambo anangokhala chowongoka, chipewa pabondo. Kudikira mabwana ndi ntchito imene amaidziwa.

Dzuwa litapendeka a Pulofesa anatulukira, foni kukhutu, mapepala kukhwapa. Ophunzira onse anaimirira, koma Bambo anawayambirira. Anaima patsogolo pawo, chipewa m'manja, nati, "Bwana, ndabweranso."

A Pulofesa anamwetulira, maso ali kwina. Anayang'ana sutiyo ndi chipewacho, nati, "Eya, ndinu a galimoto ya ku msonkhano? Kandidikireni panja, ndikubwera pompano."

Achimwene, ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ophunzira aja anayang'ana nsapato zawo. Ndinaona zala za Bambo zikufinya mlomo wa chipewa. Koma sanasunthe.

"Ayi bwana, sindine wa galimoto. Ndine bambo wa mwana uyu. Ndinabwera kuno kudzamupereka kwa inu, ndinakuperekezani mpaka pa galimoto."

"Oo, inde, inde," anatero a Pulofesa, ndipo aliyense anaona kuti sakukumbuka kanthu. "Mwana uti ameneyo?"

"Uyu." Anandikoka dzanja kuti ndiime pambali pawo. "Ndabwera kudzamutenga, bwana. Mtima wake uli kwa Dokotala wa mapaipi, koma ine ndinafulumira osamufunsa. Wolakwa ndine, mwanayu sanandituma. Ndikupempha kuti mumumasule."

Ndisawanamizire a Pulofesa, sanachite mwano. Anachotsa foni kukhutu, anaseka mokoma mtima, nati, "Nkhani yake ndi imeneyi basi? Bambo, musadzivutitse. Amandilembera ndi ambiri, ndipo onse ndimawauza kuti abwere tidzaonane." Anayenda okha mpaka pa kachitseko kaja, anagogoda, nasuzumira m'kati. "Dokotala, pali mtsikana wa mapaipi pano. Ndi wanu, mutengeni." Anatigwedezera dzanja, foni inabwerera kukhutu, natsika masitepe. Chinthu chimene chinandiwondetsa chinatha msanga kuposa kumwa kapu ya madzi.

A Dokotala anatuluka. Ndi mayi wamfupi, manja a malaya opinda, inki pa chala. Anayamba kupereka moni kwa Bambo ndi manja awiri, kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti ndilembe dzina lawo pa mapepala anga tsiku lomwelo, ndipo sabata yamawa ndibwere ndi zidutswa zanga zonse, ngakhale zonyansa kwambiri, makamaka zonyansazo. Ndinayankha chiyani sindikukumbuka. Bambo anangowerama pang'ono, navala chipewa.

M'basi pobwerera sananene kanthu. Inu mukudziwa kuti Bambo akakwera basi dalaivala amakhala pa mayeso, wasintha giya mochedwa, wamanga buleki ngati akupha njoka, ana a masiku ano anagula ziphaso. Tsiku limenelo dalaivala analumpha chibumi cha pamsewu mpaka tonse tinadumpha, iwo osatsegula pakamwa. Ankangoyang'ana pawindo. Titatsika, tikuyenda kulowera kunyumba, anaima n'kundifunsa kuti, "Mayi aja ndi aulemu. Tsiku lina ndikawathokoze?"

Ndinachedwa kuyankha. Sindinachedwe kwambiri, koma iwo anaona.

"Iyayi, usavutike," anatero. "Ndamva. Sindipita."

Ndiye ndi zimenezo, Achimwene. Mapepala ndapereka, dzina la a Dokotala lili pamenepo, zidutswa zanga ndazilongedza m'katoni. Chimene ndinkalirira ndachipeza, ndipo ndine wokondwa, sindinama. Koma kukondwa kwake sikukundilola kukhala pansi. Suti inabwerera m'kabati. Tsitsi la Bambo lakula, koma akukana kupita kokametetsa, akuti kukuzizira, pamene kunja kukutentha chonchi. Ine ndikudziwa kuti akuopa kufunsidwa za mnzawo Pulofesa. Nkhani za mabwana awo akale, zija tinkatopa nazo, sanazikambenso chibwerereni. Dzulo ndinayesa kuwayambitsa ndekha ya bwana uja anaiwala nsapato ku hotela, anangomwetulira n'kunena kuti ndi zakale zimenezo.

Pempho langa ndi ili. Mukaimba Lamulungu, musafunse za a Pulofesa, ndipo musayambe ndi kundiyamikira ine. Muwauze kuti galimoto yanu ikumveka kaphokoso kachilendo mukamakwera mtunda, ngakhale ilibe vuto lililonse. Muwafunse kuti chingakhale chiyani. Akayamba kufotokoza muwasiye afotokoze mpaka mapeto, ndipo sabata yotsatira mudzaimbenso kuwauza kuti zinathandiza. Alamu anga muwatsine khutu kuti asakuwonongereni bodzalo.

Amayi akupereka moni, akuti mafuta opaka aja akuwathandiza ndipo zithunzi za ana mutumize zooneka nkhope, osati zojambulira kutali. Abwana anga akuti moni ngakhale sakudziwani. Ana muwapsompsone m'malo mwanga, wamkuluyo mumuuze kuti azakhali ake nawonso akubwerera ku sukulu, asamadandaule yekha. M'mawa uno ndikutuluka ndinawauza Bambo kuti ndikulemberani, n'kufunsa ngati ali ndi mawu. Anaganiza pang'ono, nati, "Umuuze kuti mlongo wake wapeza mphunzitsi wabwino. Ulembe kuti wamupeza yekha." Ndalemba monga ananenera. Koma inu mwawerenga kalata yonseyi, ndipo mukudziwa amene anaima m'kolido muja chipewa chili m'manja.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Mzime wa m'nyumba mwanu